Waya Amene Anakunamizirani

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Abambo munawapeza? Ine kuno ndilipo, mawondo okha ndiwo ayamba kundikumbutsa zaka. Kalembedwe kanga mukukadziwa, ndi kaja ka Sitandade 4, ndiye mupirire nako monga munkachitira.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati nkhani yolemera saipereka kwa munthu ali chiimire. Agatha, mdzukulu wanu uja munkamutcha Kamlomo, anabereka mwana wamkazi mwezi wa Juni. Tamutcha dzina lanu, Veronika. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amafumbata tinkhonya. Chimanga sitinakolole chosangalatsa, dzuwa linachipeza chikumasula ngayaye. Watiombola ndi nandolo, ndi thonje pang'ono. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, inatsala ija yopanda nthenga m'khosi imene munkati ngakhale imfa imaiona n'kulambalala. Mango anu a kuseri kwa khitchini abereka moti nthambi tachita kuzichirikiza.

Tsopano khalani pansi, Amayi. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku la maliro anu. Inu munalipo, koma munali m'bokosi, ndiye mwina simunaone zonse.

Munatiuza muli moyo, osati kamodzi, kuti mukadzafa tidzakutengereni kwanu kuphiri ku Chikala, mukagone pambali pa amayi anu, ndipo mng'ono wanu a Elube, amayi athu aang'ono, adzakupezeni pomwepo. Tinamvera. Adzukulu kumeneko anakumba manda. Tinakukwezani m'galimoto yanga yakale ija yokoka ndi matayala onse anayi, imene munkaitcha nkhalamba inzanu, poti msewu wa kwanu palibe ina ingaukwere. Tinanyamuka kuno kwa Nsamala, tinawoloka Shire pa Liwonde, azimayi akuimba kumbuyo. Titasiya tara n'kuyamba chitunda chija cha pa mlambe wong'ambika, injini inangoti zii. Timagetsi ta pa dashibodi tonse tinazima. Kupotokola kiyi, ngakhale kakuti tcha.

Damiano, mng'ono wanga, ndiye anayamba kunena kuti maliro akana. Anagwada pa bokosi kukupepesani, kenako anati tiitembenuze galimoto tione kumene mukufuna. Anthu anaikankha mpaka mphuno yake inaloza kumunsi. Nditangogwira kiyi, inalira. Tinayesanso kukwera, inazimanso pomwe paja. Kuitembenuzanso, kulira. Ine ndinati ndi waya, koma ndani angamvere nkhalamba yonena za waya azimayi atayamba kale kubuma kuti mayi akana kwawo? Tinabwerera nanu, tinakuikani kuno pambali pa abambo. Kuphiri anakwirira thunthu la nthochi m'manda mwanu.

Chichokereni tsiku limenelo sindinadye mbale imodzi ndi Damiano. Kuphiri iye sankakufuna n'kale, ankati n'kutali, anzake a malonda sakafikako. Galimoto itazima, anangolandira ndi manja awiri.

Koma chimene chikundidya si Damiano iyayi. Ndi amayi aang'ono. Tsiku lija anayala mphasa yatsopano m'nyumba mwawo yoti mufikirepo, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Atamva kuti mwakana, anakumbukira mkangano wanu wa dimba lija munakhalira zaka osalankhulana. Ife tonse tikudziwa kuti munadzagwirizana, koma iwo akuti munangowasekera mano, mumtima munapita nazo. Mwana wawo Rozina anabwera kuno mwezi watha. Akuti chakudya amangochilawa, miyendo siyendanso, ndipo alamula kuti akafa asadzawaike pafupi ndi nthochi ija, awaike kwina kulikonse, poti mkulu wawo anawakana. Mvula ikangoyamba, msewu uja umaduka pamtsinje mpaka Epulo, ndipo Rozina akukayika ngati amayi ake adzamuone Epuloyo.

Galimotoyo ndinali nditaisiya pansi pa mango, osafuna n'kuiyang'ana komwe. Rozina atapita, ndinatsegula boneti.

Chovuta chinali chakuti pabwalo pano inkalira bwinobwino. Galimoto yoferatu sivuta, umafufuza mpaka upeze pamene moto wathera. Yovuta ndi imene imadwala ikafuna yokha. Chida changa n'chomwe chija ndinaphunzira nacho ndikuyendetsa galimoto za ku esiteti: kababu kakang'ono ndi mawaya awiri. Mmodzi ndimagunditsa ku chitsulo cha galimoto, winayo pamene ndikufuna kudziwa ngati moto ukufika. Babu ikayaka, moto ulipo. Ikapanda kuyaka, ndiye kuti waduka m'njira, ndibwerere chakumbuyo.

Ndinayamba ndi mafyuzi. Ena anali akufa, okulungidwa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Kuseri kwa dashibodi makoswe anali atamanga mudzi, makoko a mtedza ali mbwee, mawaya atawasenda ngati nzimbe. Ena anali ongopotedwa n'kukulungidwa ndi jumbo ya shuga, ntchito za amakaniko a m'mbali mwa msewu amene galimotoyi yadutsa m'manja mwawo. Ndinaona kuti zigamba sizithandiza, ndichotse onse. Ndinakagula mawaya pa sikirapu ku Liwonde, koma mitundu yake sinkagwirizana ndi akale. Ndiye ndinatenga chitini chanu cha ulusi. Aliyense wopita ku nyali ndamumanga wachikasu mbali zonse ziwiri, opita ku injini wofiira, a kumbuyo wobiriwira. Mundikhululukire, ulusi wanu wopetera nsalu za kutchalitchi watha. Ndinkachotsa waya mmodzi, kuika watsopano, kuyesa ndi babu, kenako wina. Awiri nthawi imodzi iyayi, zala zanga n'zokalamba ndipo mutu sugwiranso zambiri. Ntchito imeneyi inandidyera masabata, msana uli chopindika pansi pa chiwongolero.

Nyali zinawala ngati zatsopano. Hutala ija inasiya kulira abambo ali moyo inabwerera, nkhuku yanu yopanda nthenga inathawira kumunda. Koma mtima wanga sunakhale pansi. Makoswe sadziwa chitunda, Amayi. Zonse ndinapezazo sizikanatha kudziwa kuti galimoto yaloza kumtunda kapena kumunsi. Ndikanapita nazo kwa amayi aang'ono, akanandifunsa funso limenelo, ndipo ndikanasowa chonena monga ndinasowera pa mlambe paja.

Ndiye ndinakumbukira zimene munkandiuza ndili mwana wobusa, kuti mbuzi ikakana kuyenda usamaikoke chingwe, pita ukaone pamene yakanira. Ine ndinkaifunsa galimoto pabwalo posalala, pamene sinakanepo. Ndinailiza, n'kuikweza pa chulu chachikulu chija cha kuseri kwa khola. Mphuno itangoloza kumwamba, zii, ngati tsiku lija. Ndinaika miyala kumatayala, n'kutsegula boneti ili chomwecho.

Babu ku batire, yayaka. Babu ku kiyi, mdima. Pakati pa ziwirizi pali kawaya kamodzi kokha, ndipo kameneko sindinakasinthe chifukwa kunja kankaoneka kabwino, pabwalo kankayatsa babu nthawi zonse. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti batire yatsetsereka chakumbuyo, n'kukakoka kawayako mpaka kuti nga. Ndinakang'amba ndi mpeni. M'kati munali mobiriwira ndi dzimbiri, tinthambo tonse titaduka, mbali ziwiri zikungogundana. Galimoto ikakwera, batire imapita kumbuyo, mbalizo n'kutalikirana, moto n'kuduka. Ikaloza kumunsi, batire imabwerera, mbalizo n'kugundananso. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo.

Nanga batire imatsetsereka bwanji? Mukukumbukira Damiano ankaibwereka Loweruka lililonse kukaonetsera mpira pa kanema kugolosale kwake? Kuchotsa, kubwezera, kuchotsa, kubwezera, kawayako akukakoka. Chitsulo chopanira batire anachitaya, n'kumanga ndi linya wa panjinga. Linyayo pamalo osalala amagwira ngati munthu wokhulupirika, koma anali atafutuka ndi kutentha kwa injini.

Ndinakhala pachulu paja ndi kawayako m'manja mpaka dzuwa linandipsereza dazi. Simunakane kwanu, Amayi. Simunamukane mng'ono wanu. Anakunamizirani ndi waya wosaposa chikhatho changa kutalika, ndipo ife ana anu tinamukhulupirira iyeyo kusiya mawu amene munatiuza ndi pakamwa panu.

Ndaikapo waya wonenepa, wautali bwino kuti asamakokeke. Wowotcherera zitsulo ku Balaka wandipangira chopanira cha mabawuti awiri, batire tsopano ngakhale muikankhe ndi phazi siisuntha. Ndaikwezanso pachulu, chamtsogolo ndi chambuyo, injini ikungolira. Anthu odutsa akuti nkhalamba yapenga, ikuphunzitsa galimoto kufula inswa. Aziseka.

Damiano ndinamupitira ndi kawayako kugolosale kwake. Ndinkafuna ndikamuponyere pa kauntala anthu akuona, koma munkati mlandu wa pachibale saunenera pamsika, ndiye ndinamuitanira kuseri. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anati zakale zinapita. Kwa iye zinapita, kuphiri sizinapite. Ndamuuza kuti akwere nawo, akanene yekha pamaso pa amayi aang'ono, ndi pakamwa pomwe pananena kuti mwakana. Anangobwerera ku kauntala. Sindinamukhululukire, ndisakunamizeni, ndipo sindikudziwa kuti zidzatheka liti. Malo ake kutsogolo ndamusungira. Akwere asakwere, ine ndikupita.

Kunja kwayamba kufunda koopsa, ndipo masana mitambo ikumaunjikana cha ku Machinga. Sindidikiranso. Loweruka lino ndinyamuka, matiresi ndayala kale kumbuyo. Pa mlambe wong'ambika ndikadutsa osazima. Maso a amayi aang'ono saonanso bwino, ndiye kawayako ndikawaika m'manja, apapase okha poduka paja. Akafunsa za chitunda, ndikaimika galimoto pachitunda cha kuseri kwa nyumba yawo, amve okha ikulira. Kenako ndidzawanyamula, nditsike nawo phiri pang'onopang'ono, ndiwabweretse kwa inu, adzakuoneni pamanda panu. Kwa eni manda ndapempha kale.

Kukutengerani kwanu ndinalephera, Amayi. Koma kwanu kumene kwatsala ndi a Elube, ndipo amenewo ndikubweretserani mvula isanagwe. Mukamva hutala kumsewu, mudziwe kuti ndi ife. Mukonzeke, mng'ono wanu wakusungirani mawu ambiri.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani monga kale,
Sitefano