Abambo a Louisa Aperekeza Alendo

Lewisham, London
21 Juni, 1980

Okondedwa achimwene anga a Greenwell,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse ku Mchinjiko. Sindinaiponye ku positi, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Ndapatsira Mayi Beatrice, namwino mnzanga wa ku Chipata amene akupita kwawo kutchuthi, ndipo andilonjeza kuti ifika m'manja mwanu osadzera pa tebulo la munthu wina. Kuno tili bwino, kungoti mawondo anga ayamba kudana ndi masitepe a kuchipatala.

Nkhani yaikulu ndi ya mwana wanu Louisa. Munamuona komaliza ali kamtsikana koyamwa chala, koma lero ndi namwali wa digiri yake, ndipo digiriyo ndi ya Chiarabu. Inde, Chiarabu! Chichewa amachimva chonse, makamaka tikamamunena, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Abambo ake, a Rowland, amati tinasamalira nkhuku kuti ikaikire mazira kwa eni ake.

Mwina munamva pa wailesi kuti chaka chatha a ku Igupto ndi a ku Israeli anasainirana pangano la mtendere. Ambiri anaomba m'manja, koma Apalestina ambiri anati iwo asiyidwa panja. Ndiye kuno kuli kabungwe ka anthu a mipingo kamene kamaitana anthu wamba a mbali ziwirizi, aphunzitsi, madokotala, kuti azidzakambirana mwakachetechete kutali ndi kwawo. Kabungweka kanamlemba Louisa ntchito yomasulira. Anamuuza kuti msonkhano wa kuno ukabala zipatso, adzapita nawo ku Yerusalemu kukakhala chaka.

Atabwera nayo nkhaniyi kunyumba, abambo ake anaika supuni pansi. Anati, "M'banja muno wochoka sabwerera. Ine ndinachoka ku Zomba ndikuti ndi miyezi itatu, lero imvi zandimerera m'mabasi a ku London. Amayi anga anaikidwa ine kulibe. Ndiye iwe ukufuna kukalowa pakati pa mfuti za eni ake?"

Louisa anati, "Dad, it's my work," ndipo anadzuka nkukadzitsekera kuchipinda.

Kuyambira tsiku limenelo awiriwa analeka kulankhulana, nyumba imodzi, bafa limodzi. Mkhalapakati ndinali ine. Abambo ali pabalaza amati, "Vera, kamuuze mwana wako kuti wailesi yake ikusokosa." Ndikafika kuchipinda ndimati, "Adadi ako akuti usagone ndi njala." Iye amati ndikawauze kuti si iye mwana wakhanda, ine ndikafika pabalaza ndimati, "Akuti zikomo, mugone bwino." Ndanama mabodza ambiri m'miyezi iwiri imeneyi, achimwene, moti Mulungu akandifunsa ndidzangoti ndinali pantchito ya ukazembe.

Msonkhanowo unachitikira mu holo ya tchalitchi chathu konkuno ku Lewisham, poti ndi malo osaonekera. Amayi a mpingo tinapemphedwa kuphika tiyi, ndiye zonse ndinaziona ndi maso angawa. Mbali ya Apalestina inkatsogoleredwa ndi a Nadim, nkhalamba yaitali, mphunzitsi wamkulu wopuma, amene banja lawo linachoka m'nyumba yawo ku Yafa pa nkhondo ya 1948 ndipo silinabwererenso. Mbali ya Aisraeli inkatsogoleredwa ndi Mayi Tamar, dokotala wamfupi wa imvi mbuu, amene mwana wawo wamwamuna anafera ku nkhondo ya 1973.

Tsiku loyamba ndinaima pakhomo ndi ketulo m'manja, kumuona mwana wanga atakhala pakati pa akuluakulu. Nkhalamba ikalankhula Chiarabu iye nkutembenuza, mayi aja akayankha iye nkubweza, osajejema, osayang'ana pansi. Tiyi anazizira ndili chiimire. Ndinanyada, achimwene, ndipo sindibisa.

Koma Loweruka zinthu zinathina. Pofuna kulemba mawu amodzi ogwirizana, aliyense ankafuna kuti maliro a kwawo ndiwo atchulidwe poyamba. Mawu anakwera, mipando inakokedwa, mbali iliyonse inakalowa m'chipinda chake. Louisa ankangoyenda m'khonde, uku nkupita uku, monga momwe ndimachitira ine kunyumba, koma iye ntchito yake siimlola kunama. Pofika masana a bungwe anagwa mphwayi nkunena kuti basi, zalephereka. Anaitana matakisi awiri, ina kukhomo lakutsogolo, ina lakumbuyo, poti anthuwa kuonedwa ali limodzi pamsewu kukanatha kuwaika m'mavuto kwawo. Louisa anabwera kukhitchini maso ali psu. Yerusalemu anali atathera pomwepo.

Tsono apa mpamene analowerera alamu anu a Rowland. Paja ndi mkulu wa mpingo, ndipo sabata imeneyo makiyi a holo anali kwa iwo. Za matakisi awiri, za makomo awiri, sankadziwa kanthu, chifukwa nkhani za ntchito ya Louisa anali ataziletsa m'makutu mwawo. Anangobwera kudzatseka, atavala jekete lawo la Lamulungu pa Loweruka. Polowa anaona nkhalamba ili kunsonga iyi ya khonde ndi chikwama chake m'manja, mayi wa imvi ali kunsonga inayo ndi chake, achinyamata a mbali ziwirizo angoima manja m'matumba.

Anandiyang'ana ngati ndine ndalakwa. "Vera, zoona? Alendo afika pa mpingo wathu, nkumachoka atanyamula okha katundu? Anthu akamva adzati ku Lewisham kuli Amalawi a mtundu wanji?"

Ndisanatsegule pakamwa, anali atapatsa moni a Nadim ndi manja awiri nkuwalanda chikwama. Anayenda khonde lonse, moni kwa Mayi Tamar, chikwama chachiwiri m'dzanja lamanzere. Kenaka anatuluka pakhomo lakutsogolo, nkuuza wa takisi kuti siteshoni ili pafupi, asabere alendo masanasana. Uyo, akutsika msewu!

Mukanaona, achimwene. Mapasipoti a anthu anali m'zikwamazo, ndiye akanatani? Nkhalamba inatsatira ndi ndodo yake, Mayi Tamar akuthamangira pambali pake, Louisa kumbuyo akufuula, "Dad! Dad, stop!" Ine ndinali pamapeto ndi epuloni yanga. M'busa wathu, mzungu, anangogwira kumutu pakhomo. Anthu amene sanafune kupuma mpweya wa chipinda chimodzi anadutsa pamsika wa Lewisham phewa ndi phewa, pakati pa ogulitsa kabichi, akutsatira munthu wa ku Zomba.

A Rowland mukuwadziwa, akamaperekeza mlendo sathamanga. Amayenda ngati akuyendera munda. Titafika pamalo odikirira basi mvula inayamba kuwaza, tonse tinabisala pansi pa kadenga kamodzi. Mayi Tamar, akupuma mwawefuwefu, anafunsa m'Chingerezi kuti, "Bambo, mukuchitiranji zimenezi?"

Iwo anadabwa ndi funsolo. Anati, "Kwathu munthu sachoka yekha, mayi. Timamnyamulira katundu, timamtula panjira. Wochoka yekha ndi mbala, kapena wothamangitsidwa."

A Nadim anatembenukira kwa Louisa kuti awamasulire. Mwana uja ananena mawu a abambo ake m'Chiarabu. Aka kanali koyamba m'miyezi iwiri kuti mawu a bambo adutse pakamwa pa mwana popanda ine kuwasefa. Nkhalamba inafunsa, kudzera mwa Louisa yemweyo, kuti nanga a Rowland pochoka kwawo anawaperekeza ndani.

A Rowland anayang'ana zikwama zija. Anati, "Palibe. Kuoneka uli nafe nthawi imeneyo kunali kudziputira ndende."

A Nadim anagwedeza mutu nkunena kuti nawonso pochoka ku Yafa panalibe wowanyamulira ngakhale mtolo, ndipo amayi awo anasiya mphika pamoto. Mvula inkagogoda padenga. Kenaka Mayi Tamar analankhula motsitsa, osayang'ana munthu.

"Ine wanga ndinamperekeza. Ndinamnyamulira chikwama mpaka pa basi ya asilikali, iye akuchita manyazi ndi anzake. Sanabwerenso."

Amenewa ndiwo anali mantha a alamu anu enieniwo. Ndinati basi, Louisa sadzapitanso kulikonse. A Rowland anafunsa kuti, "Mukanadziwa, mayi, mukanamlola?"

Iwo anati, "Akanapitabe, bambo, sanali mwana. Chimene chimandidzutsa m'mawa nchakuti sanachoke tili okwiyirana, ndipo chikwama chake ndinanyamula ndine."

Louisa anamasulira zonsezi kwa a Nadim, misozi ikutsika, koma mawu ake osasweka ngakhale pamodzi. Nkhalamba inavula chipewa. Inanena mawu ochepa kwa Mayi Tamar, maso ndi maso, ndipo Louisa anati akuti Mulungu awapatse chipiriro, mwanayo dzina lake anali ndani? Mayi aja anatchula dzinalo, nkhalamba inalibwereza bwinobwino.

Mvula itakata tinafika pa siteshoni. Sitima inabwera, zitseko zinatseguka, zinatsekeka, palibe anakwera. A Nadim anati tiyi wa amayi a mpingo aja anamsiya wosamaliza, ndipo kwawo kutero nkunyoza mwini nyumba. Mayi Tamar anati nawonso sakonda kusiya ntchito pakati. Apo alamu anu, manja atawawa, anatula zikwama pansi nkunena kuti, "Ine mwambo wanga ndi woperekeza opita. Obwerera amanyamula okha." A Nadim anawerama nkutola cha Mayi Tamar, poti ndicho chinali cholemera, ndipo mayi aja anatola cha nkhalamba.

Musaganize kuti mtendere wa dziko lonse unapangidwa pa Lewisham. Atabwerera mu holo anakangananso mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikuwiritsa ketulo pa ketulo. Nkhani ya malo sanaithe, ya othawa kwawo sanaithe. Anangogwirizana zoti maliro a mbali zonse alembedwe m'chiganizo chimodzi, ndi zoti adzakumanenso kwawo komweko mu Seputembala. A bungwe akuti zimenezo nzambiri. M'busa anawadzudzula a Rowland kuti akanatha kuika alendo pangozi, ndipo iwo anapepesa, koma mpaka lero sakuona chimene analakwa.

Pobwerera kunyumba tinayenda atatu. Titafika pageti a Rowland anatsokomola nkunena, osadzera kwa ine, "Louisa, kodi Chiarabu chonse chija chinalowa bwanji m'kamutu kameneka?"

Mwana wanu anayankha m'Chichewa, achimwene, Chichewa chake chopindikapindika cha ku London. Anati, "Ndinatengera inu, adadi. Makani."

A Rowland anaseka mpaka kugwira geti. Kenaka anati, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Upite. Koma chikwama chako ndinyamula ndine." Lolemba lake anakagula sutikesi yaikulu ku Peckham, yoti Louisa mwini wake angathe kugonamo, ndipo aliyense wobwera kunyumba kuno amayamba waionetsedwa asanapatsidwe mpando. Ku depoti ya mabasi anzawo onse adziwa kale kuti mwana wa Rowland ndi kazembe. Ndawauza kuti ndi womasulira chabe, koma sakumva.

Mantha ndili nawo, sindikunamizani. Nyuzi za kumeneko ndimazimvera nditagwira pamtima. Koma ndikakumbukira mwana wanga ataima pansi pa kadenga kaja, akunyamula chisoni cha munthu uyu kukachitula kwa uyo osatayapo kanthu, ndimati Mulungu sanatibweretse kuno pachabe.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu ndinu malume ake, mwini mbumba, ndipo mwanayu sangapite kutali chotere inu osanenapo mawu. Abambo ake avomera, koma iwo eni anena kuti mawu otsiriza ndi anu. Mayi Beatrice abwerera kuno kumapeto kwa Ogasiti. Muwapatsire yankho, ngakhale la pakamwa, ndi kachitenje kamodzi koti Louisa akafunde kumeneko.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Joyce, ndi kwa ana onse, ngakhale amene sindinawaonepo. Kwa azakhali a Etta munene kuti Vera akadali moyo ndipo sanaiwale njira ya kumanda kwa amayi. A Rowland akupereka moni wa manja awiri.

Chomaliza, achimwene. Alamu anu anauza alendo aja kuti pochoka ife panalibe wotiperekeza, ndipo ine sindinawatsutse pagulu. Koma tsiku lija tikukwera lole ya ku malire, ine ndinakuonani. Munaima kuseri kwa sitolo ya mmwenye ndi njinga yanu, mukunamizira kukonza tcheni, ndipo lole itanyamuka munatitsatira patali mpaka pamlatho, fumbi likukuthirani m'maso. Zaka zonsezi mwakhala mukupepesa m'makalata kuti simunatitsanzike. Lekani kupepesa. Munatiperekeza.

Louisa adzanyamuka masana, pamaso pa anthu, abambo ake atasenza sutikesi. Ndidzaima pambali pawo m'malo mwanu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Vera