Ndinapita naye kudimba

Lachinayi madzulo, mwezi wa Juni

Chisomo akupuma mobanika, pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya. Ndi zomwe zija anatiuza alangizi a zaumoyo kusikelo, kuti tikaona zimenezi ndi chibayo, tisagone naye pakhomo mwana. Ndikuopa kuti mwana wanga safika mawa.

M'mawa ndinamumva ndithu kuti watentha thupi. Koma madzi m'chitsime cha kudimba achepa, ukachedwa umapeza anzako atakapa onse. Ndiye ndinamubereka n'kutsikira naye kudambo nkhungu isanachoke, ndinamugoneka pachitenje pansi pa nthochi, ine n'kumathirira tomato. Mayi a Dalitso, oyandikana nafe dimba, anakuwa: "Inu amake Chisomo, khanda m'chisanu muno? Kodi munabereka mwana kapena tomato?" Ine ndinangoseka. Ndinaseka, mwana akutsokomola pambali panga!

Masana wakana bere. Apongozi atabwera kudzamuona anandifunsa kuti wayamba liti, ine ndati posachedwapa. Ndawanamiza, ndipo iwo andipepesa, mpaka kundipatsa bulangete lawo kuti ndimufunditse.

Ndathamangira kwa alangizi aja, akazi awo ati apita ku Nsaru, abwera mawa. Bambo ake a Chisomo anatenga njinga kukagulitsa mtedza, foni yawo sikulowa. Dzuwa likulowa, ndipo kuchipatala ku Kabudula sindingafike wapansi ndi mphepo imeneyi.

Bambo a Chisomo, bwerani msanga ndi njingayo. Za kudimba ndikuuzani ndekha, mundikalipire mmene mungafunire, koma chonde bwerani tsopano lino.