Mafuta a alamu pa disiki

Lachitatu, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima sunakhazikike.

Ndinaweruka msanga kuti ndikonze mabuleki a njinga, chifukwa mawa mkazi wanga Tiwonge aikwera popita kukaphunzitsa ku Vinthukutu, ndipo njira ija ili ndi mtsetse woipa. Ndinamasula mabawuti ogwira buleki, n'kufinya chogwirira, n'kumanganso. Ndinakoka waya pang'ono, kenako ndinasendeza padi yamkati ya buleki mpaka pakati pa iyo ndi disiki pangotsala mpata wolowa pepala. Wilo inazungulira osakhula paliponse. Ndinanyadira.

Pochokera kosamba ndinapeza alamu, achimwene ake a Tiwonge, atagwira kabotolo ka mafuta a makina osokera.

"Alamu, masukulu onse aja, njinga n'kumalirabe ngati mwanapiye? Ndaithira. Imvani, yakhala chete."

Anathira pa disiki penipeni, pamene buleki imagwira. Ndinangothokoza kuti, "Yewo, alamu." Mlendo wanga, wamkulunso, ndikanawadzudzula bwanji?

Disiki ndatsuka ndi sipiriti, mapadi ndapala ndi sandipepala. Buleki ikugwira, koma osati ngati poyamba. Kapena ndi mantha anga chabe, sindikudziwa.

Pachakudya ndinapempha Tiwonge kuti mawa akwere minibasi. Anandifunsa chifukwa chake, alamu ali pomwepo akundiyang'ana mokondwa, ndipo ine ndinabisa za mafuta aja, n'kungoti buleki sindinamalize kukonza.