Botolo Lochokera ku Joni

Lachiwiri, 3 Juni

Chiperoni kuyambira m'mawa, phiri la Mpingwe osaoneka. Ndaziona watumiza botolo kuchokera ku Joni. Makapisozi oyera, dzina lake kanitini. Akuti amalimbitsa minofu ya okalamba, abambo ake adzuka nawo. Mwana wanga sanawaone chigwereni sitiroko. Sakudziwa kuti mwendo wakumanja uja sumva ngakhale kuutsina.

Lachisanu, 6 Juni

Kuchipatala ndi amuna anga a Paston. Adokotala akana botololo: impso n'zofooka, tisawonjezere kanthu pa mankhwala awo. Ine pakamwa panga: nanga ineyo ndingamwe? "Inu mungathe, koma musayembekezere zozizwitsa." Ndinafunsiranji, amuna anga ali pomwepo pa wilitcheya?

Ndamwa kamodzi kukhitchini, chitseko chotseka.

Lachinayi, 12 Juni

Ndaziona pafoni: akumwa? Ndati eya. Mawu sananjenjemere n'komwe, chimene chikundiopsa n'chimenecho.

A Joan a ku Mvano andikokera m'gulu lawo loyenda m'mawa. Azimayi okhaokha a imvi, nsapato za masewera pansi pa chitenje. Ndimawasambitsa abambo, phala, mankhwala, wailesi pafupi, n'kutuluka. Maondo asiya kulira. Kaya ndi makapisozi, kaya ndi kuyendako. Dzulo ndinaseka mpaka misozi pa chitunda. Pobwera ndinakonza nkhope ndisanalowe pageti.

Lachisanu, 20 Juni

Anzanga atabwerera ine ndinapitirira ndekha mpaka mu Limbe. Popanda chokagula. Kungoona nsalu m'masitolo, kumva phokoso la maminibasi, chimanga chootcha m'manja ngati mtsikana. Abambo sindinawaganizire. Ndilembe zoona: sindinawaganizire n'kamodzi komwe.

Pobwera ndawapeza pansi pakhomo la bafa. Simenti yozizira, thalauza lonyowa, chotupa pachipumi. Kudzutsa ndekha ndalephera, mpaka kuitana a Trevor oyandikana nafe. Akhalapo nthawi yaitali bwanji? Ndafunsa, angoyang'ana khoma.

Munthu amene anandibereka kumsana pa madzi osefukira ku Chirimba, ndili ndi pakati.

Loweruka, 21 Juni

Palibe fupa lothyoka. Botolo ndalibisa kuseri kwa ufa. A Joan anagogoda, ndinati mutu.

Lachitatu, 25 Juni

Sindinatuluke. Kuchapa, kupukuta, kutembenuza. Maondo ayambanso. Abambo akudya pang'ono, wailesi sakuifuna. M'nyumba muli ngati pamaliro. Ndikafuna kuyamba nkhani ya botolo, ndimathawira kukhitchini.

Lamulungu, 29 Juni

Ndaziona waimba titangotha kudya, akufuna amve mawu a abambo ake. Ndinawagwirira foni kukhutu. Ndinamva akufunsa za makapisozi. Iwo, ndi lilime lawo lolemeralo, pang'onopang'ono: "Akugwira ntchito, mwanawe. Utumizenso ena."

Sanandiyang'ane. Ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Nditabwera ndi tiyi anandigwira mkono ndi dzanja lamoyolo. "Amayi a Ndaziona, ndimakuonani pawindo mukamakwera chitunda. Nyumba ino wodwala mmodzi akwana." Kenako akuti ndiwauze za ku Limbe, ngati sitolo ya njinga ija ikadalipo. Ndinawauza zonse, mpaka za chimanga. Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ine kulira.

A Trevor avomera kukhala nawo m'mawa. A Joan adutsa mawa kukacha. Nsapato ndaika pakhomo, ndazichotsa, ndaziikanso. Koma ndikangofika pa chitunda paja, iwo ali pawindo, sindikudziwa ngati ndipitirira kapena ndibwerera.