Anakuikani pa Tsamba Lathu Musanavale Duku

Amayi, kumeneko mukukhalako bwanji? Ife kuno ku Bangula tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino latikwana.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Fatima wachira, mwana wamkazi, ndipo achimwene amutcha dzina lanu. Mapira tapeza ochepa chifukwa mbalame zinatithandiza kukolola, koma mchewere wachita bwino. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja munkatchera beseni.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni ndi china. Ndanyansidwa, amayi, ndipo ndilibe wina womuuza.

Mukukumbukira ntchito ija munkaitcha "zamafoni za Malita"? Ndi pulogalamu yaulere yochenjeza anthu madzi a mu Shire akayamba kukwera. Timaipanga mongodzipereka, anthu a m'maiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ali ndi ufulu woona mmene inalembedwera ndi kuikonza. Ine anandipatsa ntchito yokonza tsamba la pa intaneti pomwe munthu watsopano amafikira akafuna kuitsitsa kuti ikhale mu foni yake.

Pokonza tsambalo ndinkaganiza za inu muli pamsika ndi milamba yanu youma. Ndikayamba kucheza ndi wogula, munkandidula mawu kuti, "Muuze mtengo msanga, dzuwa likumuotcha." Ndiye ndinaika batani limodzi lalikulu lolembedwa kuti "Tsitsani apa", m'Chichewa ndi m'Chisena. Pansi pake ndinalemba kukula kwa pulogalamuyo, kuti munthu adziwiretu ngati bandulo yake ikwane, ndi zinthu zitatu zoti achite ikatsika. Basi.

Mwezi watha anandiimbira foni a Zuze, aphunzitsi a ku Marka aja ankagula nsomba kwa inu. Anati, "Mwanawe, tsamba lako landidyera bandulo yonse, pulogalamu sindinaione. Koma mai ako ndawaona."

Ndinaganiza kuti akalamba. Ndinatsegula tsambalo kuti ndione. A Lameki, amene amatsogolera gulu lathu ali ku Blantyre, anali atalisintha osandiuza. Pamwamba panali vidiyo yoyamba kusewera yokha. Batani langa analikankhira pansi, pakati pa mabatani ena asanu ndi limodzi a mayina achizungu oti ngakhale mphunzitsi sangadziwe lomwe ndi la foni yake. Ndipo kumbuyo kwa zonsezo, kudzaza tsamba lonse, munali inu.

Ndi chithunzi cha kumsasa kuja tinathawirako madzi atagwetsa nyumba. Mwakhala pansi, chitenje chili matope okhaokha, bulauzi yang'ambika paphewa, m'manja muli mbale yopanda kanthu. Kumutu mulibe duku. Inu amayi, amene wojambula akafika pa ukwati munkati, "Dikirani ndimange kaye kumutu, ndisaoneke ngati wodwala." Pachifuwa panu analembapo m'Chingerezi kuti thandizani anthu ovutika ngati awa.

Ndinawaimbira a Lameki. Ndinati, "Mayi amenewo mukuwadziwa?" Anati ayi, chithunzicho anachipeza kwa bungwe lina lomwe linkagawa ufa kumsasako, ndipo chilolezo chochigwiritsa ntchito chilipo. Ndinawauza kuti ndinu mayi anga ndipo tinakuikani m'manda chaka chatha. Kenako anati, "Pepani chemwali. Komatu nkhope yawo ndi yogwira mtima. Anthu akunja akaona zoterezi amathandiza msanga."

Ndinalavula, amayi. Ndinali pakhonde la sukulu pomwe ndimaphunzitsa, ndipo ndinalavula pansi anthu akuona.

Tsiku lomwelo chithunzicho ndinachichotsa. M'mawa mwake a Lameki anachibwezera. Ndiye ndinalemba pamalo pomwe gulu lonse limakambirana, poti aliyense amawerenga. Ndinafotokoza kuti ndinu ndani, kuti munatiphunzitsa ana anayi ndi nsomba, kuti palibe anakupemphani. Mukudziwa zomwe anachita? Anakhala masiku anayi akukangana ngati chilolezo cha bungwe lija chimalola kuti chithunzi achidule m'mbali kapena ayi. Wina anati mwina angophimba maso anu. Wina anandithokoza chifukwa chobweretsa "maganizo a anthu akumudzi". Onsewa amati tsambali ndi la munthu watsopano wa kuno kuchigwa, koma palibe anafunsa kuti munthuyo akatsegula n'kuona mnzake wa kumsika atamuyanika chonchi, aganiza kuti ifeyo timamuona bwanji.

Anandithandiza ndi mayi wina wa ku Mozambique, Joana, yemwe amamasulira pulogalamuyi m'Chipwitikizi. Analemba mizere iwiri yokha, kuti chithunzicho chikapanda kuchoka iye asiya, ndipo tikapeze wina womasulira. Madzulo ake chinachoka. Zinandipwetekanso, chifukwa anaopa kutaya womasulira, osati kuti anamva chisoni ndi mwana wa malemu.

Tsamba ndalibwezera mwakale. Batani lija lili pamwamba, vidiyo yawo ndaiika pansi penipeni ndipo siyamba yokha. Loweruka ndinakwera minibasi mpaka ku Marka kuti ndikaone ndi maso anga. A Zuze anadina kamodzi, pulogalamu inatsika tiyi wathu asanazizire. Anangothokoza m'Chisena kuti, "Takhuta," n'kuyamba kuitana anansi awo kuti abwere ndi mafoni. Mvula ikayamba, mudzi umenewo udzamva msanga madzi akamabwera. A Lameki sitiyankhulana kupatula za ntchito.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindinauze aliyense, ngakhale achimwene. Ndisanachichotse chithunzicho, ndinachisunga mu foni yanga. Ndimadana nacho, koma ndi chomaliza chomwe munajambulidwa muli moyo, ndipo ife tinalibe. Ndikachikulitsa ndimaona chipsera chija pachala chanu, chomwe munadzicheka potumbula nsomba. Ndimachiyang'ana nthawi yaitali, kenako ndimachita manyazi, poti nanenso ndikukuyang'anani mmene simunkafunira kuoneka. Mundikhululukire. Kuchifufuta ndalephera.

Dzulo ndalembera kalata bungwe lija kuti lichichotse konse komwe linachiika. Sanandiyankhe. Ndilembanso Lolemba, ndi Lolemba linalo, mpaka atatopa nane. Ichi ndiye ndikukulonjezani.

Ndimakukondani, amayi.

Ndine mwana wanu,
Malita