Madzi a m'Botolo Lalikulu

12 Juni

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira mwendo uja waphwa. Ine ndilipo, kungoti chakudya sichikulowa.

Mwafunsa chimene chachotsetsa mwana wanu kulabotale kuno. Ndifotokoza mwandondomeko, monga ndimachitira potsuka mabotolo.

Iye ankafufuza timaselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, tochotsedwa m'mimba mwa makoswe. Apulofesa, bwana wathu wamkulu, anandiuza kalekale kuti timaseloti tili ngati timatumba todzaza hisitamini, mankhwala amene amatupitsa munthu njuchi ikamuluma. Timatumbato sititseguka pokhapokha mchere wina wotchedwa kashiamu utalowa. Madzi a pampopi pathu ali ndi kashiamu wambiri, n'chifukwa chake ofufuzira ndimawasefa pamakina, n'kuwathira m'botolo lalikulu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sindinaphonyepo.

Lachiwiri lina kunabwera alendo odzaona ntchito yake. Ndinalowa ndi thileyi ya mabotolo n'kuti, "Wadzuka bwanji, mwana wanga?" Mlendo wina anamufunsa ngati ndine bambo ake. Iye anaseka, amvekere, "Awa? Ndi Atsukambale athu awa. Aliyense amamuti mwana wawo." Onse anafa nalo phwete. Nanenso ndinaseka, achemwali, mabotolo akugundana pathileyi. Ine malume ake, amene ndinagwadira Apulofesa kuti amulandire.

Lachitatu m'botolo lalikulu munalibe madzi. Makina anali bwinobwino. Mpopi unali pafupi. Sindinena zambiri.

Sabata imeneyo timaselo timene sanatipatse kashiamu tinatulutsa hisitamini. Mwana wanu anavina m'khonde, akuti watulukira zimene dziko silikudziwa. Anakaima pamsonkhano n'kulengeza. Apulofesa anabwereza okha kafukufukuyo kanayi, botolo ndili nditadzaza kale ndi madzi abwino, timaselo tinangoti zii. Anamuuza pagulu kuti wapeka manambala.

Kenako anandiitanitsa. "Madala, madzi anali bwino?"

Ndinatsegula pakamwa, Mulungu ndi mboni. Koma mwana wanu anandidula, misozi ili mbwembwembwe. "Asiyeni awa. Sadziwa n'komwe kuti kashiamu n'chiyani."

Ndinati, "Zoona, bwana. Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi."

Chonde kalatayi musaisiye pathebulo. Mukaiwerenga muing'ambe tizidutswa ting'onoting'ono, osati pakati pokha.

Mundiperekere moni kwa alamu. Mwana wathuyo mumuuze kuti malaya ake oyera a kuntchito ndamusungira. Ndawachapa ndekha, ndawasita, ndipo potsukuluza ndagwiritsa ntchito madzi osefa, katatu.

Ndine mlongo wanu,
Atsukambale