Lumbiro la Abambo Ako

Imbaba, Kairo
Lachiwiri

Wokondedwa mwana wanga Hamdi,

Mtendere ukhale nawe. Uli bwanji kumeneko ku Kuwait? Nanga Rasha ndi kamdzukulu kanga? Pachithunzi chija waonda, ndipo usandiuze kuti ndi kamera. Kuno tili bwino, kupatula abambo ako, amene akuti ali bwino.

Khosi lawo lija lafika poipa. Zaka makumi atatu akupalasa njinga atasenza thabwa la buledi, lero akafuna kucheuka amatembenuka thupi lonse ngati kabati. Msana nawo sukuwagoneka tulo. Dzanja lamanja lachita dzanzi. Dzana anagwetsa kapu ya tiyi, n'kunena kuti makapu a masiku ano ndi oterera. Kumzikiti akuswali atakhala pampando, pamodzi ndi nkhalamba zimene ankaziseka.

Ndinawakokera kwa dokotala. Anati kanyama ka pakati pa mafupa a m'khosi katuluka n'kupana mtsempha. Anatinso masiku ano sang'amba khosi lonse, amangoboola kabowo kolowa chala, n'kulowetsapo kachitsulo kokhala ndi diso, mawa lake kapena mkuja munthu ali kunyumba. Sanatinamize: za kusenza thabwa aiwale, ndipo tikachedwa dzanjalo silidzabwerera. Abambo ako anathokoza, anafunsa za moyo wa ana a dokotalayo, n'kutuluka.

Ine ndinkayesa ndi mantha a mpeni. Ndinawanyogodola sabata yathunthu, kuti mwamuna wodutsa pakati pa mabasi a Kairo atagwira njinga ndi dzanja limodzi akuthawa kabowo. Lachisanu ndiye anaulula, atayang'ana kukhoma.

Ukukumbuka utabwera pa Idi, ukuwakakamiza za opaleshoni? Anakalipa n'kulumbira kuti mpeni ukadzangokhudza khosi lawo, mayi ako asudzulidwa. Ife tinaseka. Iwo sanaseke, chifukwa ankadziwa kuwerenga. Ichi sunachimvepo: uli wamng'ono anandisudzula kawiri, koyamba chifukwa cha amalume ako, kachiwiri chifukwa cha mchere, ndipo konseko anandibweza dzuwa lisanalowe. Ukudziwa lamulo. Kachitatu palibe kubweza.

Ndinapita kwa Shehe Abdel Sattar. Anati ngati munthu analumbira pofuna kutseka anthu pakamwa, osati pofuna kusiya mkazi, adyetse osauka khumi, nkhani yatha. Ndinawayankha kuti bambo ameneyu wadyetsa kale theka la Imbaba.

Koma abambo ako akuti sakukumbuka zimene zinali mumtima mwawo tsiku lija, ndipo sangachite juga ndi ine. Akuti bola dzanja lakufa kusiyana ndi nyumba yopanda amake Hamdi. Zaka zonsezi sanandiuzepo mawu otere, ndipo atawapeza anauza khoma.

Ine ndikufuna zonse, mwamunayo ndi dzanja lomwe.

Nali pempho langa. Mboni ndiwe, poti ankalumbirira iwe. Uwaimbire Lachisanu akabwera kumzikiti, mtima usanawaumenso. Usawauze za dokotala, zimenezo amva zokwana. Ungowakumbutsa zimene anachita atangolumbira: ananditembenukira n'kufunsa ngati bakha uja wapsa, ndipo anadya mbale ziwiri. Munthu wofuna kusiya mkazi safunsa za bakha. Ine ndikanena amati ndikudziikira kumbuyo, koma iwe akumvera. Upepesenso powakakamiza, ngakhale sunalakwe kwenikweni. Kupepesa sikupha.

Dokotala watisungira tsiku pa 19 mwezi uno. Abambo ako sakudziwa, ndipo usayambe ndiwe kuwauza. Osauka khumi ndawapeza kale, awiri ndi achibale awo omwe.

Mulungu akusunge, akutsegulire njira, akubweze kuno wonenepa. Undiperekere moni kwa Rasha, kamwanako ukapsompsone pachipumi. Mlongo wako Nagat akuti moni.

Ndine mayi ako, mkazi wa abambo ako mpaka lero,
Sabah